Nyumba ya Evaristo Igwetsedwa Kachiwiri

M'mwezi wa Juni chaka cha 1996, kaofesi kena ka ku Rufunsa, koona za chitukuko, chikhalidwe ndi zina zotero, kanalengeza mwaulemu waukulu kuti nyumba ya bambo Evaristo Mulando a ku Chinyunyu yazindikiridwa kuti ndi chitsanzo cha luso la makolo. Chilengezocho chinawerengedwa pamsika, pakiliniki ndi m'matchalitchi. Chinati ophunzira a zomangamanga apanga kanyumba kakang'ono kofanana ndi nyumbayo, ndipo kaikidwa m'chipinda cha chionetsero ku Lusaka, kumene kadzasungidwa mosamala kuti zidzukulu za zidzukulu zathu zidzakaone. Chinawonjezera kuti chionetserocho chidzazungulira midzi yonse galimoto ikangopezeka, ndipo chinapempha mwini nyumbayo kuti apitirize kuisamalira.

Mwini nyumbayo n'kuti ali kumanda kuyambira 1993. Nyumbayo inali itagwetsedwa kalekale, ndipo pamalo pake panali patayanga maungu. Kaofesiko sikanalakwe mwadala. Kanangolengeza zimene kanauzidwa kale, ndipo nkhani za ku ofesi, monga tikudziwa tonse, zimapsa ndi moto wochepa.

Estina, mkazi amene Evaristo anamusiya, anaimva nkhaniyi ali m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa, pamene ankagulitsa nthochi ndi chimanga chootcha kwa anthu a m'mabasi. Rosina, mnzake wogulitsa naye limodzi, anayamba kumugwadira n'kumamutcha mayi wa chuma cha boma. Estina anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenge. Sabata lisanathe, kuseka kunamuthera.

Koma tiyambe tamudziwa mayiyu. Estina anabadwira ku Chinyunyu komweko, kufupi ndi akasupe a madzi otentha. Alendo amaimitsa magalimoto kudzajambula nthunzi ya madziwo. Iye anakula akuwadziwa ngati pochapira mabulangete popanda kuwononga nkhuni. Sukulu anailekera giredi folo, osati chifukwa cha mutu, koma chifukwa amake anabereka mapasa ndipo msana umodzi sunakwane. Chimene anaphunzira mpaka kuchidziwa bwino n'kukongoletsa makoma. Ankadziwa kokumba dothi lakuda kudambo, lofiira pachulu, loyera m'mphepete mwa mtsinje, ndipo chilimwe chilichonse ankazira nyumba n'kujambula mzere wa timapiri kuzungulira m'munsi mwa khoma, burashi yake n'kukhala chala.

Evaristo anali womanga nyumba za mitengo ndi dothi ndi kufolera udzu, mwamuna wamtali, wa mawu ochepa ndi khosi louma. Pomanga nyumba yawo anapeza kuti msuku waima ndendende pamene khoma lakumbuyo liyenera kudutsa. Munthu wina aliyense akanatenga nkhwangwa. Evaristo anapinda khoma, nalilowetsa m'kati kuti lipatse mtengo malo, ndipo khonde analizunguliza mbali zonse kupatula pamenepo. Anthu anaitcha nyumba ya chiuno. Ankabwera kudzaiseka, n'kukhala pakhonde lake mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa m'mudzi monse munalibe khonde lozizira ngati limenelo.

Mu 1991 kunabwera ophunzira a ku Lusaka ndi mphunzitsi wawo, atanyamula zingwe zoyezera ndi kamera. Anayeza zonse, ngakhale chisa cha nkhuku. Pochoka anapempha kamtolo ka udzu, timitengo, ndi dothi la mitundu itatu m'zitini. Evaristo anali asanapemphedwepo kanthu ndi munthu wophunzira chotero. Anakana kuwapatsa udzu wa pamulu, nati umenewo ngwosasankha, ndipo anasolola wa padenga penipeni, nagamula ndi dothi la pakhoma. Ophunzirawo analonjeza kutumiza zithunzi.

Patapita zaka ziwiri, akubwerera kokafolera nyumba kum'mawa, Evaristo anakwera pamwamba pa lole ya chimanga, ndipo loleyo inagubuduka pamapiri okhotakhota aja.

Kwawo kwa Evaristo, nyumba ya mwamuna womwalira saisiya chiimire. Amatsitsa denga pansi n'kukankha makoma, kuti wopitayo asakhale ndi pobwerera, ndiponso kuti mkazi wotsala amasuke. Ansembe sakondwera nazo, choncho akatekisiti akafunsa chimene chagwetsa nyumba yabwinobwino, anthu amayankha kuti chiswe. Chiswe cha ku Chinyunyu chasenza milandu yambiri. Amene anatsogolera ntchitoyo ndi ba Eneless, mlongo wamkulu wa Evaristo, mayi wamfupi wa mawu ngati belu la pasukulu. Mkazi wamasiye saloledwa kuona. Estina anamukhazika m'khitchini mwa amake, nkhope kukhoma, ndipo nyumba yake anaimva ndi makutu okha: udzu kukhuthuka, mitengo kulira, khoma kugwa. Pambuyo pake ba Eneless anamupaka ufa woyera pamphumi, namumanga mkanda woyera padzanja, nanena pamaso pa anthu kuti mulamu wawo ndi mfulu. Msuku wokha anausiya.

Ufuluwo Estina sanathamange nawo. Analera mwana wake Dorcas, nagulitsa nthochi, nazira nyumba za anthu ena. Ndiye kunatulukira ba Bornwell, wophika wa kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya, mwamuna wofedwa mkazi, wa thupi la munthu wokhulupirira ntchito yake. Ankatsagana ndi galimoto ya chipatala kukagula zinthu ku Lusaka, ndipo ulendo uliwonse ankaimitsa dalaivala pa Chinyunyu kuti agule nthochi. Ku Mpanshya nthochi zimaolera m'minda. Amayi a pamsewu anaiona nkhaniyo Estina asanaione, ndipo Rosina ankati galimotoyo ikangotulukira, nthochi za ena zonse zimasanduka zosapsa. Atamufunsira, Estina anati akaganize, ngakhale anali ataganiza kale. Ankhoswe anakumana, tsiku linaikidwa la pambuyo pa zokolola, maina awo analengezedwa m'tchalitchi. Lamlungu lomwelo, wolengeza atamaliza za maukwati, anatembenuza pepala n'kuwerenga chilengezo cha kaofesi kaja.

Ba Ketrina, azakhali a Bornwell amene anawalera kuyambira ali wakhanda, anamva zonse ziwiri n'kuziika pamodzi. Anakwera basi mpaka ku Chinyunyu, nakhala pamphasa, nalandira moni wonse mwadongosolo, kenako nafunsa funso limodzi lokha: kodi kanyumba ka ku Lusakako n'kojambula papepala, kapena kali ndi udzu wa padenga lija? Estina akanatha kunena kuti sakudziwa. Anati udzu ngwa padenga, dothi n'la pakhoma, ndipo anaona yekha Evaristo akusolola.

"Ndiye nyumba ikadali chilili, amake Dorcas," anatero ba Ketrina. "Mwana wanga sangalowe pamene mwamuna mnzake ali ndi pogona."

Ba Bornwell anati n'kachidole chabe, ndipo mzimu wa munthu wamtali monga amamufotokozera uja sungakwanemo ngakhale utapinda mawondo. Zimenezi ananena kwa Estina, kuseri kwa galimoto. Pamaso pa azakhali awo anayang'ana nsapato. Ukwati unaima.

Estina anayamba wayesa njira ya ulemu. Anapita ku Rufunsa kukauza kaofesi kaja kuti nyumbayo kulibe, mwina kakhoza kuuza a ku Lusaka kuti achotse kanyumbako. Kalaliki anamulandira bwino, namupatsa mpando, namuyamikira chifukwa cha ulemu umene banja lake lalandira. Atamva nkhani anati n'zachisoni ndithu, koma chinthu cholengezedwa sichingalengezedwe chobwerera. Ngati nyumbayo yasintha maonekedwe, mwini wake ndiye ayenera kudzanena yekha. Estina anabwereza kuti mwini wake anamwalira. Kalalikiyo anati akumvetsa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ingatenge kanthawi.

Amene anapsa mtima koposa sanali Estina koma ba Eneless. Kwa iwo nkhaniyi inali kunyoza ntchito yawo: anagwetsa nyumba yathunthu anthu akuona, ndipo lero munthu wa ku Mpanshya akuti anasiyako. Anatenga kamunsi kawo kosinjira mtedza, nakakulunga m'chitenge, nakaika m'chikwama, nauza Estina kuti avale diresi la kutchalitchi. Anakwera minibasi m'mawa, ba Eneless atakumbatira chikwamacho ngati muli mwana wodwala.

Panjira Estina ankasinkhasinkha. Ba Bornwell iye ankawafuna, pamenepo analibe chikaiko. Anali munthu woseka msanga, ndipo Dorcas anali atayamba kale kuwatcha atate mosazindikira. Koma kuyambira tsiku la chilengezo, pansi pa mantha ake panali kachimwemwe kamene sanauze munthu, kakuti kwinakwake nyumba ya chiuno idakalipo. Tsopano anali kuperekeza munsi wokaiphwanya.

Ku Lusaka chuma cha zidzukulu sichinali chodziwika kwenikweni. Kondakitala anawalozera kunyumba yosungiramo zinthu zakale, mlonda wa kumeneko anawalozera kupositi, ndipo bambo wina wa pamzere kupositiko anawafunsa ngati akufuna pulani yomangira. Pomaliza mayi wogulitsa zitumbuwa anati pamwamba pa shopu ya matayala, kuseri kwa msewu wa Cairo, pali bambo wina wa tayi amene amagula kwa iye masana n'kumadandaula kuti anthu a dziko lino sakonda zomangamanga.

Pakhomo la nyumbayo panali lifti, ndipo pachitseko chake panapachikidwa kachikwangwani ka Chingerezi, kosanduka kachikasu, akangaude atalumikiza chingwe chake ndi khoma. Wa matayala anawamasulira kuti kakunena kuti lifti ikukonzedwa, nawonjezera kuti anaipeza ikukonzedwa pamene ankayamba ntchito, tsitsi lake lidakali lakuda. Anakwera masitepe, ba Eneless akupuma pokhota paliponse n'kumafunsa amene anayamba nzeru yoika nyumba pamwamba pa nyumba inzake.

Chipinda cha chionetsero chinali chachitali, choyera, chonunkha polishi. Chinali cha bungwe lina la akatswiri ojambula mapulani a nyumba, ndipo wochiyang'anira anali ba Sydney Chipungu, bambo wowonda wa tayi yofiirira, amene anaimirira mofulumira mpaka mpando kugwa ataona alendo awiri nthawi imodzi. Ba Eneless anati abwera kudzaona nyumba ya ku Chinyunyu. Ba Sydney anati aiona ndithu, koma komiti inakonza kuti alendo aziyambira kumanzere, ndipo nyumba zakumudzi zili kumanja, kumapeto kwenikweni.

Choncho anaona zonse. Anaona zithunzi za nyumba zazitali zimene zinamangidwa, ndi mapulani a zazitali koposa zimene zikudikira nyengo yabwino. Anaona siteshoni ya makatoni oyera, timabasi titaima pamzere ngati ana a sukulu, kopanda ndi kamodzi komwe kopingasa anzake. Anaona msika wamakono wa matauni ang'onoang'ono, umene ba Sydney anati umangidwa posachedwa. Anavomera kuti mawu amenewa anawapeza atalembedwa kale, boma lisanasinthe. Estina anawerama kuyang'ana tianthu ta pulasitiki ta mumsikamo. Tonse tinali kuyenda. Panalibe kokhala pansi, kosenza dengu, kapena kobereka mwana. Anafunsa ngati ogulitsa sanafike. Ba Sydney anaganiza kaye, nati mwina kudakali m'mawa.

Chinamudabwitsa Estina n'chakuti anali kusangalala. Anali asanaonepo kuti nyumba imatha kuganiziridwa yonse, mpaka kolowera dzuwa ndi kotulukira mphepo, dothi lisanakumbidwe. Evaristo ankachita zimenezo m'mutu, akulembalemba pansi ndi chala chakuphazi, ndipo Estina ankayesa n'kusowa chonena chabe. Apa anthu ankachita papepala lalikulu, n'kusaina maina awo pansi. Anafunsa mafunso ambiri, ndipo ba Sydney, amene mayankho awo anali atakhala zaka osagwiritsidwa ntchito, anayankha ngakhale zimene sanafunsidwe. Anamuonetsa kasukulu ka matabwa kokhala ndi timawindo tating'ono pamwamba, pansi pa denga penipeni, totulutsira mpweya wotentha. Estina anatiyang'ana mpaka titakhazikika m'mutu. Ba Eneless ankangosintha chikwama phewa ndi phewa.

Kenako anafika kumanja. Patebulo la pafupi ndi windo panali tinyumba ta m'madera osiyanasiyana, topanda galasi lotiphimba, chifukwa galasilo linaitanitsidwa ndipo lili m'njira. Estina sanafunikire kuuzidwa kake. Kanali kakakulu ngati dengu la tomato. Khonde linalipo ndi nsanamira zake zonse, ngakhale yokhota ija imene Evaristo anakana kusintha, nati inamera choncho. Chiuno chinalipo, ndi kamtengo ka waya koimira msuku. M'munsi mwa khoma munazungulira timapiri take takuda, ndipo pafupi ndi chitseko tinasanduka tofiira. Chaka chimenecho dothi lakuda linamuthera Dorcas akudwala chikuku, ndipo anamalizira ndi lofiira poganiza kuti palibe adzaone. Ophunzira aja anakopera ndi pomwepo.

Estina anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ba Sydney anafuna kunenapo za lamulo losagwira, koma ataona nkhope yake anangokhosomola.

Ba Eneless anafotokoza zimene abwerera, mosabisa, kuyambira pa lole mpaka pa ba Ketrina. Pomaliza anamasula chitenge n'kuika kamunsi patebulo, pambali pa msuku wa waya. Ba Sydney anakayang'ana kamunsiko kwa kanthawi ndithu. Sanaseke. Anati amayi awo nawo anamasulidwa chimodzimodzi kwawo ku Chongwe, choncho nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Koma kuphwanya chinthu cha bungwe kumafuna chilolezo cha komiti, komiti imakumana wapampando akaitana, ndipo wapampando ali kunja kwa dziko, kukaphunzira kasungidwe ka zinthu ngati zomwezi.

"Abwera liti?" anafunsa ba Eneless.

"Akamaliza, amayi."

"Ndiye mulamu wanga akalambe akudikira munthu wophunzira kusunga udzu?"

Ba Sydney anakonza tayi yawo, nafunsa mmene anagwetsera nyumba yeniyeni ija, kuti chinayamba n'chiyani. Ba Eneless anati denga. Denga likakhudza pansi nyumba yafa. Kukankha makoma n'kungothandiza mvula. Ba Sydney anati ngati zili choncho mwina njira ilipo, chifukwa kanyumbaka denga lake limachoka. Anakapanga choncho dala kuti alendo aziona zam'kati, ndipo kulinyamula n'mbali ya ntchito yawo.

Ba Eneless anatambasula chitenge chija kuti afunditse Estina kumutu. "Tembenukirani kukhoma, mulamu."

"Iyayi, alamu," anatero Estina, mawu ali pansi. "Ulendo uja ndinamva chabe. Lero ndiona."

Ba Eneless anayang'ana nsanamira yokhota ya mlongo wawo. Kenako anati mwambo unanena za nyumba zazikulu. Za tating'onoti sunatchule kanthu.

Ba Sydney analowetsa zala pansi pa udzu mbali ziwiri n'kunyamula pang'onopang'ono. Panatuluka kafumbi, ndi kafungo ka utsi wakale, utsi wa nkhuni zimene Estina anatola yekha. Ndipo anaona nyumba yake kuchokera kumwamba, mmene ankaionera akhwangwala. Zipinda ziwiri. Kabedi ka timitengo ta machesi. Kashelefu kamene Evaristo anakhomera wailesi yake, imene inkakhala nthawi zambiri yopanda mabatire koma yopukutidwa bwino. Pamene khoma linapindikira m'kati panatsala kangodya, ndipo m'menemo ndimo Dorcas ankagona, chifukwa mphasa yake inkakwana ndendende. Zaka zonsezi, akakumbukira nyumbayi, chimene chinkabwera n'phokoso lija la m'khitchini mwa amake. Tsopano anaiona ili phee, yoyera, yokwanira, nyumba yabwino yomangidwa ndi munthu wouma khosi amene anakonda mtengo.

"Atate a Dorcas," anatero, "msuku wanu ukubala. Mwana ali giredi seveni, wamakani ngati inu. Ine ndikupita ku Mpanshya."

Ba Eneless anadandaula kuti m'chipindamo muli fumbi lambiri pamalo a anthu ophunzira, napukuta m'maso. Kenako anakumbukira udindo wawo, nalamula kuti denga lifike pansi penipeni. Ba Sydney anagwada, tayi ikulendewera, naliika pasimenti kunsi kwa tebulo. Kamunsi palibe anakakhudza.

Atadzuka, ba Sydney anasisita mawondo nati pali kanthu kamodzi kamene sayenera kubisa. Alendo akatuluka, lamulo n'lakuti denga libwerere pamalo pake. Dzanja la ba Eneless linayamba ulendo wopita kumunsi. Estina analigwira.

"Kachikwangwani kaja kali pa lifti, bambo, mulibe kena?" anafunsa Estina.

Ba Sydney anamuyang'ana mmene munthu amayang'anira mnzake wa ntchito imodzi. Anatsegula kabati. Munali tambiri, tosindikizidwa bwino, ndi zingwe zake zomwe. Anafotokoza kuti pa zinthu zonse za m'chipindamo, chimene angachite osafunsa munthu n'chimenechi: akaona kuti chinthu chafooka, amaikapo kachikwangwani, ndipo chinthucho chimakhala mmene chilili. Ndipo udzu wa dengali, kunena zoona, wayamba kuthothoka. Kukachotsa ndiko kumafuna komiti, chifukwa komiti iyenera kukhutira kuti ntchito yatha. Anasankha katsopano, nakapukuta ndi mkono wa malaya, nakaimika patsogolo pa chitseko, pamene timapiri takuda timasanduka tofiira.

Pasimenti panali patagwa timaudzu. Estina anafunsa ngati angatole. Ba Sydney anati za patebulo n'za bungwe, za pansi n'za tsache. Ba Eneless anatitola okha, natimanga pangodya ya chitenge ndi mfundo ziwiri. Estina anatulutsa phava la nthochi zimene ananyamula za panjira, ndipo ba Sydney analilandira ndi manja awiri, nawaperekeza mpaka pamatayala, akuwapempha kuti akauze ena kumudzi kuti chionetsero chimatsegulidwa tsiku lililonse kupatula Lamlungu.

Atabwerako ku Lusaka anapereka chitengecho kwa ba Ketrina, amene anamasula mfundo okha. Anatiyang'ana timaudzuto, natinunkhiza, nati ndi utsi wa kumudzi ndithu, osati wa malasha a m'tauni. Ba Eneless anafotokoza mmene denga linakhudzira pansi iwo akuona ndi maso awo, ndipo sanaone chifukwa chotchulira amene anali kuonanso. Kenako ba Ketrina anafunsa funso limene aliyense ankaliopa: nanga atachoka, sanalibwezere? Estina anawauza za kachikwangwani ndi mawu olembedwapo. Kumudzi kwa ba Ketrina kuli mjigo umene anthu a ku ofesi anaupachika mawu omwewo mdzukulu wawo woyamba asanabadwe, ndipo mdzukuluyo ndiye amawatungira madzi kumtsinje. Ba Ketrina anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ngati alemba kuti ikukonzedwa, ndiye basi. Silibwereranso limenelo."

Lumbiro la pa Baibulo silikanawakhutiritsa choncho. Timaudzuto anatikwirira patsinde pa msuku, ndipo akatekisiti atafunsa chimene amayi atatu ankachita kumeneko ndi khasu, anauzidwa kuti ankaona za chiswe.

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Ba Bornwell anaphika okha paukwati wawo, poti sanakhulupirire munthu wina ndi mchere, ndipo anafika kutsogolo kwa tchalitchi akununkha anyezi. Ku Mpanshya anamanga nyumba yatsopano. Estina anauza omanga kuti asiye timawindo tating'ono pamwamba, pansi pa denga. Omangawo anati zimenezo sanazionepo. Estina anati anaziona ku Lusaka, ndipo nkhani inathera pomwepo. M'mwezi wa Okutobala, pamene anthu ena ankagona panja chifukwa cha kutentha, iwo ankagona m'nyumba, ndipo chaka chotsatira nyumba zina za kufupi ndi mishoni zinayamba kumera timawindo. Makoma anawazira yekha. Dothi lakuda linalipo lokwanira, koma atafika pafupi ndi chitseko anaviika chala m'lofiira. Ba Bornwell anafunsa ngati dothi lamuthera kuti akamukumbire lina. Anati ayi, ndi mmene amachitira.

Lero akazi a anamwino ndi aphunzitsi amamuitana kukakongoletsa makhonde awo, ndipo nthochi sagulitsanso, poti ku Mpanshya palibe angagule. Dorcas anapita kusekondale. Estina anamulonjeza kuti chionetsero chikadzafika adzamuonetsa kangodya kamene ankagona, popeza denga silidzatsekanso.

Kaofesi kaja kanalengezanso kawiri kuti chionetserocho chili pafupi kubwera. Mu 1998 chipinda cha pamwamba chinafunika ndi ofesi ina, ndipo tinyumba tonse tinatsitsidwira m'chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa matayala, kudikira galimoto. Galimoto sinapezeke. Kanyumba ka Evaristo kanadyedwa ndi chiswe.